William Lever, mwini wa sopo wa Sunlight

William Hesketh Lever anabadwa m'chaka cha 1851 ku Bolton, m'dziko la England, ndipo malonda anawaphunzirira m'golosale ya bambo ake. Masiku amenewo sopo ankachita kudula pa mtanda wautali pogulitsa, ndipo wogula sankadziwa n'komwe amene waupanga. Lever anakulunga wake bwinobwino n'kumupatsa dzina loti Sunlight.

Mu 1885, iye ndi mng'ono wake James anayamba kupanga sopoyu ku Warrington. Malonda atakula, mu 1888 anayamba kumanga fakitale ndi mudzi wa antchito wa Port Sunlight. Pothawa misonkho ya pachipata, anakatsegula mafakitale ku Germany, Switzerland, Canada, America ndi Australia, kuti sopo azipangidwira komwe akugulidwa.

Koma sopo wochuluka chotero ankadya mafuta a kanjedza ambiri. Mu 1911 boma la Belgium linamupatsa malo aakulu ku Congo. Kumeneko bwana yemweyu, wotamandidwa kwawo pomangira antchito nyumba zabwino, anadalira anthu okakamizidwa kuthyola zipatso za kanjedza, mchitidwe wosasiyana kwenikweni ndi thangata.

Anamwalira mu 1925. Patapita zaka zochepa, kampani yake inaphatikizana ndi Margarine Unie ya ku Netherlands n'kukhala Unilever.