Eileen Gray: mayi amene nyumba yake inatchuka m'maina a amuna

Kummwera kwa dziko la France, pamalo otchedwa Roquebrune-Cap-Martin, pali nyumba yoyera yoyang'ana kunyanja imene dzina lake ndi E-1027. Kwa zaka zambiri anthu ankaitamanda potchula maina a amuna, chonsecho amene anajambula pulani yake ndi kuyang'anira amisiri anali mayi Eileen Gray.

Mayi Gray anabadwa mu 1878 pafupi ndi tauni ya Enniscorthy ku Ireland. Anaphunzira zojambulajambula pasukulu ya Slade ku London, kenako anakakhazikika ku Paris. Kumeneko mmisiri wa ku Japan, Seizo Sugawara, anawaphunzitsa kupaka mipando utomoni wonyezimira, ntchito yofuna kudekha chifukwa umapaka ndi kupukuta kambirimbiri. Mu 1922 anatsegula sitolo ya mipando ndi makalapeti, ndipo anaipatsa dzina lachimuna, Jean Désert.

Za pulani za nyumba anadziphunzitsa okha. Kuyambira mu 1926 mpaka 1929 anamanga E-1027, mothandizana ndi bwenzi lawo Jean Badovici, katswiri wa zomangamanga wochokera ku Romania. Dzinalo limabisa anthu awiriwa: E ndi Eileen, 10 ndi J, 2 ndi B, 7 ndi G, potsata malo a zilembozi mu alifabeti. Mayi Gray anayamba aona kolowera dzuwa ndi kochokera mphepo, n'kuika mawindo ndi zotchinga zosuntha kuti m'nyumba muzilowa kuwala ndi kamphepo. Mipando yake anapanganso okha, kuphatikizapo katebulo kachitsulo ndi galasi kamene kamakwezedwa kapena kutsitsidwa, kamene kakupangidwabe mpaka lero.

Koma malowo analembetsedwa m'dzina la Badovici. Awiriwo atasiyana, mayi Gray anachokamo. Mu 1938 ndi 1939 katswiri wotchuka Le Corbusier, ali mlendo wa Badovici, anajambula zithunzi zikuluzikulu pamakoma oyerawo osapempha mwini ntchito, zimene zinawapweteka mtima kwambiri. Pang'onopang'ono dzina lawo linazimiririka, ndipo ambiri anayamba kuyesa kuti nyumbayo ndi ntchito ya amuna awiriwo.

Iwo sanasiye kujambula mapulani, ngakhale ambiri sanamangidwe. Mu 1968 Joseph Rykwert analemba za ntchito yawo m'magazini ya Domus, anthu n'kuyambanso kuwafunafuna. Anamwalira ku Paris mu 1976 ali ndi zaka 98. Mu 2009 mpando umodzi umene anapanga unagulidwa pamtengo wa mayuro 21.9 miliyoni, ndipo nyumba ija, itakonzedwanso, inatsegulidwa kwa alendo mu 2015.

Ulemu unabwera, koma mochedwa. Mayi amene wagwira ntchito, kaya wamanga nyumba, wasoka kapena wagula malo, dzina lake lizilembedwa papepala loyenera iye akadali moyo.