Jacques-Arsène d'Arsonval: Dokotala Amene Anafufuza za Maginito ndi Ubongo

Ambiri mwa ife timadziwa maginito ngati kachitsulo kokoka misomali ndi masingano. Koma kodi mphamvu yake ingathe kufika m'mutu mwa munthu? Mmodzi mwa akatswiri oyamba kuyankha funsoli anali Dokotala Jacques-Arsène d'Arsonval wa ku France.

A d'Arsonval anabadwa pa 8 Juni 1851 ku La Porcherie. Anaphunzira za udokotala ku Limoges ndi ku Paris, ndipo kenaka anakhala wothandizira wa katswiri wotchuka Claude Bernard. Mu 1894 anasankhidwa kukhala mphunzitsi wamkulu pa Collège de France.

Mu 1896 iwo analengeza zimene anapeza ataika mutu wa munthu pakati pa waya wokulunga, momwe munkadutsa magetsi amphamvu osinthasintha. Munthuyo ankaona timoto tong'anima m'maso ngakhale panalibe nyali yochititsa zimenezo, ndipo ankamva chizungulire. Chifukwa chake n'chakuti mphamvu ya maginito ikamasintha mofulumira imayambitsa timagetsi tating'ono m'thupi. Timagetsito timadzutsa minyewa ya m'diso, ndipo ubongo umalandira uthenga ngati kuti kwawala. Maginito wamba ongokhala phee sachita zimenezi, choncho tisamafulumire kukhulupirira ogulitsa zibangili za maginito ponena kuti zimachiza matenda.

A d'Arsonval anamwalira pa 31 Disembala 1940 kwawo komwe anabadwira, koma ntchito yawo inapitirira. Mu 1985 Anthony Barker ndi anzake ku Sheffield anapanga makina odzutsa ubongo ndi maginito popanda opaleshoni, ndipo mu 2008 dziko la America linavomereza njirayi pothandiza odwala matenda okhumudwa kwambiri.

Nafenso kuno ku Chiradzulu nkhaniyi ikutikhudza. Mu 2008 chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chinalandira makina a MRI oyamba m'dziko muno, ojambula ubongo pogwiritsa ntchito maginito amphamvu. Ndi makinawa, mu 2015 madokotala anaonetsa kuti chimene chimapha ana ambiri odwala malungo a mu ubongo ndi kutupa kwa ubongowo, komwe kumaletsa mwana kupuma.

Motero mwana akatentha thupi n'kuyamba kukomoka, tisataye nthawi. Tithamangire naye ku Nguludi, ku chipatala cha boma cha Chiradzulu kapena chilichonse chapafupi. Makatekisiti ndi atsogoleri a miphakati, tiyeni tiwakumbutse makolo zimenezi.