Henry Masauko Chipembere (1930–1975): Phungu Amene Anatsegula Pakamwa pa Amalawi

Pa tsiku lokumbukira makolo ndi miyambo yawo, nkoyenera kukumbukiranso ana a fuko la Amaravi amene anayankhulira anthu awo pa nthawi imene kuyankhula kunali koopsa. Mmodzi mwa iwo ndi a Henry Masauko Blasius Chipembere.

Iwo anabadwa pa 5 Ogasiti 1930 ku Kayoyo, dera limene lero lili m'boma la Ntchisi. Bambo awo, a Habil Chipembere, anali Mnyanja ndipo anatumikira mpingo wa Anglican, poyamba ngati mphunzitsi, kenaka ngati wansembe. Mnyamatayo anakulira ku Malindi, m'mbali mwa nyanja. Anaphunzira ku Malosa, ku Blantyre Secondary School ndi ku Goromonzi m'dziko la Southern Rhodesia, asanakatenge digiri ku Fort Hare, ku South Africa. Atabwerako anagwira ntchito m'boma la atsamunda, koma sanakhalitsemo, popeza mtima wawo unali pa kulimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene chinakhazikitsidwa mu 1953 anthu akuda atachikana.

Mu 1956, ali ndi zaka 25 zokha, anasankhidwa kukhala mmodzi mwa aphungu asanu achikuda m'nyumba ya malamulo ku Zomba. Kufikira nthawi imeneyo nyumbayi inali bwalo la azungu, ndipo munthu wakuda ankayembekezeredwa kuvomera chabe. A Chipembere ndi anzawo a Kanyama Chiume anasintha zimenezi. Ankapanikiza akuluakulu a boma ndi mafunso okhudza tsankho, malo ndi chitaganya, mwakuti mabuku a Hansard, momwe mumalembedwa zokambidwa m'nyumbayo, anayamba kugulidwa ndi kuwerengedwa ndi Amalawi ambiri.

Pozindikira kuti anthu sakanatsata achinyamata okha popanda munthu wamkulu, a Chipembere anali pakati pa amene analembera Dr Hastings Kamuzu Banda kuti abwerere kumudzi. Dr Banda anafika pa 6 Julaye 1958, ndipo a Chipembere anakhala msungichuma wa chipani cha Nyasaland African Congress. Mu Malichi 1959 anamangidwa ndi kutsekeredwa ku Gwelo pamodzi ndi Dr Banda. Atatulutsidwa mu 1960, anaweruzidwanso mu 1961 kukhala m'ndende zaka zitatu chifukwa cha mawu amene anayankhula pamsonkhano. Pa chisankho cha chaka chimenecho, mpando wa Fort Johnston, imene lero ndi Mangochi, unatengedwa ndi bambo awo.

Atamasulidwa mu Januwale 1963, anakhala nduna yoona za maboma aang'ono, udindo woyang'anira makhonsolo a m'matauni ndi m'maboma, ndipo pambuyo pake nduna ya zamaphunziro. Koma patangotha miyezi iwiri dziko litalandira ufulu pa 6 Julaye 1964, nduna zinasemphana ndi Dr Banda pa nkhani ya tiki yolipira kuchipatala, malipiro a ogwira ntchito m'boma, kuchedwa kopereka maudindo kwa Amalawi, ndiponso ubale ndi dziko la Portugal. Mkanganowu unabuka iwo ali ku Canada. Atabwerako anakatha kusunga mpando wawo, koma anautula pa 9 Seputembala posafuna kutaya anzawo amene anachotsedwa.

Mu Febuluwale 1965 anatsogolera gulu la anthu pafupifupi 200 limene linalanda boma la Fort Johnston ndi kulunjika ku Zomba. Ulendowo unathera pa Liwonde, pamene anapeza chombo choolotsera pa Shire chili tsidya lina. Anthu ambiri a ku Mangochi anazunzika chifukwa cha zimenezi, ndipo kufikira lero pali ena oyamika ndi ena odzudzula njira imene anasankhayo.

Anathawira ku America, kenaka anakaphunzitsa pa koleji ya Kivukoni ku Tanzania, ndipo mu 1969 anabwerera ku California. Kumeneko ndiko anamwalirira pa 24 Seputembala 1975, atavutika ndi matenda a shuga, ali ndi zaka 45. Kwa zaka zambiri dzina lawo silinkatchulidwa poyera m'dziko muno. Mu 1994 akazi awo, mayi Catherine Chipembere, anasankhidwa kukhala phungu wa nyumba ya malamulo, ndipo lero msewu waukulu wolumikiza Blantyre ndi Limbe umatchedwa Masauko Chipembere Highway.