Margherita Woyera wa ku Castello: Mwana Amene Makolo Ake Anamubisa

Margherita anabadwa m'chaka cha 1287 ku Metola, m'dziko la Italy, m'banja lolemera ndi lotchuka. Anabadwa wakhungu, msana wake unali wopindika, ndipo mwendo wake wina unali waufupi. Makolo ake anachita naye manyazi, choncho anamubisa kuti alendo asamuone.

Atakwanitsa zaka pafupifupi 6, anamutsekera m'kachipinda komangidwa pambali pa tchalitchi chaching'ono. Panali zenera loyang'ana m'tchalitchimo, ndipo kudzera pamenepo ankamva Misa ndi kulandira Ukaristia. Wansembe wa pamalopo ndiye anamuphunzitsa za chikhulupiriro, ndipo anaona kuti mwanayo anali wanzeru kwambiri.

Patapita zaka zambiri, makolo ake anamva kuti ku Città di Castello anthu akuchira pa manda a Mfransisikani wina. Anapita naye kumeneko, koma iye sanachire. Makolowo anamusiya pomwepo n'kubwerera kwawo okha.

Amene anamutola anali amphawi a mumzindawo. Mabanja ankamusunga mosinthanasinthana. Kenaka masisitere ena anamulandira m'nyumba yawo, koma sanakhalitsemo. Iye ankatsata malamulo a chipanicho mokhulupirika pamene enawo anali atalekerera, ndipo pamapeto pake anamutulutsa. Anabwerera kwa akhristu wamba, n'kulowa m'Chipani Chachitatu cha Dominic Woyera, cha anthu okhala m'makomo mwawo.

Apa ndi pamene mphatso zake zinaonekera. Ankasonkhanitsa ana amene makolo awo anali ku ntchito, n'kumawaphunzitsa mapemphero ndi Masalmo amene anawaloweza pamtima. Ankayendera odwala, amene ali pafupi kumwalira, ndiponso akaidi. Munthu amene abale ake anamuona ngati mtolo anasanduka mthandizi wa mzinda wonse.

Anamwalira pa 13 April 1320 ali ndi zaka 33. Anthu a mumzindawo anaumirira kuti aikidwe m'kati mwa tchalitchi, ulemu umene unkaperekedwa kwa anthu ochepa okha. Lero thupi lake lili m'tchalitchi cha San Domenico ku Città di Castello. Papa Paul V anamutcha Wodala mu 1609, ndipo Papa Francis anamulemba m'gulu la Oyera pa 24 April 2021.

Abale ndi alongo, Margherita sanachire, komabe anakhala woyera ali ndi ulumali wake. Chimene chinasintha moyo wake ndi anthu amene anamutsegulira khomo n'kumulola kutumikira. M'midzi mwathu muno alipo ana ndi akulu aulumali amene amatsala kunyumba Lamulungu, ena chifukwa cha manyazi a achibale, ena chifukwa masitepe a tchalitchi sangawakwere, enanso chifukwa samva ndipo palibe wowamasulira m'chinenero cha manja. Nawonso ndi ana a Mulungu, ndipo malo awo pa tebulo la Ambuye alipo.

Sabata ino mphakati uliwonse uwerenge anthu otere m'dera lake. Tiwayendere, tiwafunse chimene chimawalepheretsa kubwera, ndiponso utumiki umene angakonde kuchita, kaya m'kwaya, kaya powerenga Mawu a Mulungu, kaya pophunzitsa ana katekisimu.

Margherita Woyera wa ku Castello, mutipempherere.