Bambo Angelo Secchi, Wansembe Amene Adafufuza Dzuwa

Mwezi ukaphimba dzuwa pa kadamsana, m'mphepete mwake mumaoneka kuwala konga chisoti chachifumu. Uwu ndi mpweya wotentha wokuta dzuwa, umene akatswiri amautcha korona. Mmodzi mwa anthu oyamba kuujambula adali wansembe wa Mpingo wathu.

Bambo Angelo Secchi adabadwa mu 1818 ku Reggio Emilia, m'dziko la Italy. Adalowa chipani cha Ajezuwiti mu 1833 nadzozedwa unsembe mu 1847. Chaka chotsatira, chipwirikiti cha ndale chidathamangitsa Ajezuwiti ku Roma, ndipo iwo adathawira ku England, kenako ku America. Atabwerera, mu 1850 adawasankha kutsogolera malo oonerapo zakuthambo a Collegio Romano, ndipo adaimika makina awo pamwamba pa tchalitchi cha Ignasio Woyera.

Mu 1858 adayamba kuyeza mphamvu ya maginito ya dziko lapansi. Mu 1859, pamene kuphulika kwa pa dzuwa kudasokoneza nthambo zotumizira mauthenga m'maiko ambiri, zida zawo nazo zidagwedezeka. Pa kadamsana wa mu 1860 ku Spain, zithunzi zawo ndi za Warren De la Rue zidatsimikiza kuti malawi ofiira ooneka nthawi imeneyo ndi a dzuwa, osati a mwezi.

Mayesero adafika boma la Italy litalanda Roma mu 1870. Lidawalonjeza mpando ku nyumba ya malamulo, koma iwo adakana chifukwa cha kukhulupirika kwawo kwa Papa Pius IX, ngakhale zikadatha kuwatayitsa ntchito imene ankaikonda. Adamwalira ali Mjezuwiti pa 26 February 1878.

Ntchito yawo sidathere kumanda. Mu 1908 George Ellery Hale adayeza maginito a m'mawanga a dzuwa. A m'korona ndi ofooka ndiponso ovuta kuyeza, koma mu 2024 akatswiri a telesikopu ya Inouye ku Hawaii adatulutsa mapu ake. Zida zojambulira korona zimene NASA idatumiza kuthambo mu 2006 zidatchedwa SECCHI.

Ana athu akamabwera ku sukulu ndi funso lakuti kodi sayansi imatsutsana ndi chikhulupiriro, ife makolo ndi makatekisiti tisachite mantha. Tiwafotokozere za wansembe uyu, amene ankapereka nsembe ya Misa pansi pa denga lomwe ankaonerapo dzuwa.