Levi Zililo Mumba, Pulezidenti Woyamba wa Congress

Mwana wa sukulu ku Mzilawaingwe angathe kutiuza kuti George Washington adakhala pulezidenti woyamba wa dziko la America m'chaka cha 1789. Koma tikamfunsa za munthu amene adayamba kutsogolera Nyasaland African Congress, kawirikawiri amangoti kukamwa yasa, chonsecho munthuyo adali Mngoni wa m'boma lomwe lino la Mzimba.

A Levi Zililo Mumba adaphunzira ku Overtoun Institution ku Livingstonia, m'masiku a Dr Robert Laws. M'chaka cha 1912, pamene bungwe la North Nyasa Native Association lidakhazikitsidwa, iwo ndiwo adasankhidwa kukhala mlembi wake. Bungweli lidali loyamba la mtundu wotere m'dziko muno, ndipo ena adatengerapo chitsanzo, monga a Mombera Native Association m'chaka cha 1920. Atapita ku Zomba, a Mumba adasonkhanitsa mabungwe a kumpotowa pansi pa komiti imodzi m'chaka cha 1924, kuti madandaulo a anthu azifika kwa Atsamunda ndi liwu limodzi.

Chida chawo chidali cholembera. Mbusa John Chilembwe adanyamula mfuti mu 1915. A Mumba adasankha makalata, misonkhano ndi kudekha. Alipo amene amati njira imeneyi idali yofatsa mopitirira muyeso. Ife sitikuvomereza msanga. Munthu wolembera boma lomwe likumlamulira, chaka ndi chaka, mayankho ali ochedwa kapena osabwera konse, koma iye osataya mtima, ali ndi kulimba kwakekwake kumene ana sakuona pokhapokha mphunzitsi atawaonetsa.

Nkhani imene idali pamtima pawo ndi yomwe ikutikhudza ife aphunzitsi. Masiku amenewo sukulu zidali m'manja mwa mishoni, ndipo boma lidatsegula dipatimenti ya maphunziro mochedwa, mu 1926. A Mumba adalimbikira kunena kuti boma lisenze udindo wophunzitsa anthu amene limawakhometsa msonkho, ndi kuti mwana wachikuda asalekezere pa kuwerenga ndi kulemba chabe. Mu 1933 adakhala munthu wachikuda woyamba kulowa m'komiti yolangiza boma pa za maphunziro. Sukulu ya sekondale yoyamba, ya Blantyre, idatsegulidwa mu 1940, ndipo ya Akatolika ku Zomba idatsatira mu 1942. Sitinganene kuti adazimanga ndi iwo, koma adali m'gulu la amene adazilirira kwa zaka zambiri.

Pophunzitsa mbiri imeneyi, tisangolemba zaka pabolodi. Ana a Sitandade 7 kapena 8 alembe okha kalata yopempha sukulu, monga ngati ali mlembi wa bungwe mu 1930, kenaka kalasi ikambirane chifukwa chimene bwanamkubwa akadaikanira.

Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, a James Frederick Sangala a ku Blantyre adalimbikitsa zoti mabungwe onse agwirizane. Msonkhano woyamba wa Congress udachitikira ku Blantyre mu Okutobala 1944, ndipo nthumwi zidasankha a Mumba kukhala pulezidenti. Mpandowo adaukhalira miyezi itatu yokha, pakuti adamwalira mu Januwale 1945, ndipo udindo udapita kwa a Charles Matinga.