Mai Julia Chikamoneka: Mtsogoleri Wocokera Pamsika

Ku America magulu a ubale wa azimai anayambira m'makoleji m'zaka za m'ma 1800, koma mu Lusaka gulu lochuka la azimai linakulira pamsika. Mmodzi mwa olikhazikitsa anali Mai Julia Mulenga Nsofwa, odziwika kuti Mama Chikamoneka.

Iwo anabadwira ku Kasama ndipo anafika mu Lusaka m'caka ca 1938. Analibe maphunziro apamwamba. Anali kugulitsa zakudya pamsika, pomwe anayamba kusonkhanitsa azimai anzao kuti atsutse ulamuliro wa atsamunda. Usiku anali kuyenda m'makomboni akuliza citini ca miyala poitanira anthu kumisonkhano.

Gulu lao la Women's Brigade linalimbikitsa anthu kunyanyala masitolo a nyama amene anali kugulitsira anthu akuda pawindo. Linasonkhanso ndalama ndi kubisa atsogoleri ofunidwa ndi apolisi. Pansi pa cipani ca UNIP, gululi linafalikira m'zigawo zonse za dziko.

M'caka ca 1960, nduna ya Britain yoyang'anira maiko a atsamunda, a Iain Macleod, itafika mu Lusaka, Mai Chikamoneka ndi anzao anavula malaya pamaso pake posonyeza mkwiyo wao. Ufulu unabwera pa 24 October 1964.

Anamwalira m'caka ca 1986 ndipo boma linawaika m'manda mwaulemu. Azimai a ku Kalingalinga, Matero ndi Kanyama akamakumana m'magulu a cilimba ndi a mpingo, amapitiriza mwambo wodalirana umene iwo anaulimbitsa.